Mankhwala opaka a nyamakazi: chifukwa chake inshuwalansi imalipira ena n'kukana ena

Pa mankhwala onse ochepetsa ululu wa m'mfundo za mafupa, opaka pakhungu ndi amene amavutitsa anthu kwambiri ikafika nkhani ya inshuwalansi. Adokotala alemba chikalata, wodwala wafika ku famasi ndi khadi lomwe amalipira mwezi ndi mwezi osaphonya, koma kompyuta ikukana. Chodabwitsa n'chakuti mapiritsi a mankhwala omwewo, amene amaononga m'mimba ndi impso mosavuta, amadutsa popanda funso. Kampani ya inshuwalansi siliona bondo lotupalo, imangoona pepala. Papepalapo imafuna kudziwa ngati mankhwalawo amagulitsidwa popanda chikalata cha dokotala, ngati ali pa mndandanda wake, ngati matenda amene alembedwa ndi omwe mankhwalawo anavomerezedwera, komanso ngati kuchuluka kwake kwalembedwa mwakuti munthu n'kuwerengera. Chimodzi mwa zimenezi chikaphonyeka, ndalama sizituluka. Chabwino chake n'chakuti zambiri mwa zophonyekazo zimakonzeka, bola wodwala ndi dokotala wake adziwe pamene pali vuto.

Zopaka sizili gulu limodzi

Anthu amangoti "mankhwala opaka", koma kwa dokotala ndi kwa kampani ya inshuwalansi pali magulu osiyana kwambiri.

Gulu lofunika koposa ndi la mankhwala oletsa kutupa, amene madokotala amawatchula mwachidule kuti NSAID. Wodziwika kwambiri ndi diclofenac, koma m'mayiko ena mulinso ibuprofen, ketoprofen ndi piroxicam zopaka. Awa ndi mankhwala omwe aja a m'mapiritsi, kungoti amalowa kudzera pakhungu n'kukafika pa mfundo imene ili pafupi. Munthu akapaka jelo ya diclofenac ya 1 peresenti pa bondo limodzi mmene malangizo amanenera, mankhwala olowa m'magazi amakhala pafupifupi 6 peresenti chabe ya amene akanalowa atamwa mapiritsi. N'chifukwa chake akatswiri amawakonda kwa okalamba. Mu 2019 bungwe la American College of Rheumatology pamodzi ndi Arthritis Foundation linalimbikitsa mwamphamvu NSAID yopaka pa nyamakazi ya m'mawondo yobwera chifukwa cha kutha kwa chichereŵechereŵe, ndipo linaivomerezanso, ngakhale mosalimba kwambiri, pa nyamakazi ya m'manja. Ku England, bungwe la NICE, lopereka malangizo a zachipatala, m'malangizo ake a 2022 linanena kuti wodwala nyamakazi ya m'mawondo apatsidwe NSAID yopaka, ndipo mapiritsi abwere pokhapokha yopakayo italephera kapena ngati siyoyenera kwa munthuyo.

Gulu lachiwiri ndi capsaicin, mankhwala ochokera ku chinthu chomwe chimachititsa tsabola kuwawa. Kirimu wake kawirikawiri amakhala wa 0.025 kapena 0.075 peresenti. Amatentha pakhungu masiku oyamba, ndipo sathandiza tsiku lomwelo: munthu amapaka katatu kapena kanayi patsiku kwa masabata angapo asanaone kusintha. Bungwe la ku America lija linamuvomereza pang'ono pa mawondo koma silinamulimbikitse pa manja, chifukwa zala zopakidwa zimathera m'maso.

Kenako pali zotenthetsa kapena kuziziritsa khungu, zokhala ndi menthol, camphor kapena methyl salicylate. Zimenezi ndi zomwe zadzaza m'mashelefu, ndipo pafupifupi palibe inshuwalansi imene imazilipira. Umboni woti zimathandiza nyamakazi yokhalitsa ndi wochepa. Pali lidocaine, wochititsa dzanzi, amene amabwera ngati kirimu kapena chomata pakhungu. Pomaliza pali makirimu osakanizidwa pa famasi potsatira chikalata cha dokotala, amene tiwakamba paokha chifukwa nkhani yawo ndi ina.

Msampha wa mankhwala ogula popanda chikalata

Chifukwa chachikulu chokanira zopaka ndi ichi: mapolise ambiri ali ndi ndime yonena kuti salipira mankhwala amene munthu angathe kugula yekha popanda chikalata cha dokotala. Ndimeyi siyang'ana ngati dokotala walembadi chikalata kapena ayi. Imayang'ana gulu limene boma linaikamo mankhwalawo.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha ku United States. Kwa zaka zoposa khumi jelo ya diclofenac ya 1 peresenti yotchedwa Voltaren inkapezeka ndi chikalata chokha, ndipo inshuwalansi zambiri zinkailipira. Mu February 2020 bungwe la boma lovomereza mankhwala la FDA linalola kuti izigulitsidwa popanda chikalata. Mankhwala ndi omwewo, mphamvu ndi yomweyo, koma makampani ambiri anaichotsa pa mindandanda yawo. Dongosolo la boma la Medicare, lomwe ndi inshuwalansi ya zaumoyo makamaka ya okalamba, m'gawo lake lolipira mankhwala lotchedwa Part D, mwalamulo sililipira mankhwala ogulidwa popanda chikalata. Ndiye okalamba, amene jeloyi imawayenera kuposa wina aliyense, ambiri anayamba kutulutsa ndalama m'thumba mwawo. Kwa munthu wopaka kamodzikamodzi akabinya phazi, kusinthaku kunali kwabwino. Kwa wodwala mawondo onse awiri amene amatha machubu angapo mwezi uliwonse, kunali kumuonjezera katundu.

Apa pali chinthu chimene sitiyenera kuchinyamazira. Kampani ikakana jelo koma n'kumalipira mapiritsi a diclofenac kapena naproxen, imamukankhira munthu wopanda ndalama ku mankhwala oopsa kwambiri kwa iye. Wazaka 75 amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi komanso impso zofooka sayenera kusankha mapiritsi chifukwa choti ndi amene ali aulere. Kutuluka magazi m'mimba kamodzi kokha kumadya ndalama zambiri kuposa machubu a zaka zingapo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuilemba pochita apilo.

Pali njira zina zozungulira. Ku United States komweko, lamulo la CARES Act la mu March 2020 linalola kuti ndalama za m'maakaunti osungira zachipatala otchedwa HSA ndi FSA zizigulira mankhwala a pashelefu popanda chikalata, ndipo mapulani ena a Medicare oyendetsedwa ndi makampani, otchedwa Medicare Advantage, amapereka kandalama kapadera kogulira mankhwala otere. Ku South Africa, masikimu ambiri a inshuwalansi ya zachipatala amalipira mankhwala a pashelefu kuchokera mu akaunti ya ndalama zosungidwa za membala kapena m'thumba la zofunika za tsiku ndi tsiku, lomwe limakhala ndi malire pachaka. Ku England, NHS, nthambi ya boma yoyendetsa zipatala, inalangiza madokotala mu 2018 kuti asamalembe mankhwala a pashelefu pa timatenda tosakhalitsa, koma inasiya mpata kwa odwala matenda okhalitsa monga nyamakazi. Choncho funso loyenera kufunsa kampani yanu si loti "kodi mumalipira jelo?" ayi, koma loti "ngati simuilipira m'thumba la mankhwala olembedwa ndi dokotala, kodi pali thumba lina limene ingatulukemo, ndipo mwatsala zingati chaka chino?"

Mndandanda, ndi kuyamba ndi otchipa

Kampani iliyonse imakhala ndi mndandanda wa mankhwala amene imalipira, ndipo umasintha, kawirikawiri kumayambiriro kwa chaka. Mankhwala amaikidwa m'magawo: otchipa opanda dzina la kampani yotchuka amakhala m'gawo lotsika momwe wodwala amaonjezera zochepa, a dzina lotchuka amakhala pamwamba. Dokotala akalemba dzina la malonda n'kuletsa kusintha, wodwala amalipira kusiyana kwa mitengo, kapena pempho limakanidwiratu. Pa diclofenac yopaka palibe chifukwa chenicheni choumirira dzina, kupatula ngati khungu la munthu silikugwirizana ndi zosakaniza zina za mu jelo ya kampani inayake.

Diclofenac imabweranso m'maonekedwe ena okwera mtengo. Pali yamadzi ya 1.5 peresenti, yomwe amadontheza madontho 40 pa bondo kanayi patsiku, ndi ya 2 peresenti yopopa kawiri pa bondo lililonse, kawiri patsiku. Ku America zimenezi zinadziwika ndi dzina la Pennsaid, ndipo zinavomerezedwa pa nyamakazi ya m'mawondo basi. Makampani ambiri salipira zimenezi munthu asanayese jelo wamba. Amafuna umboni woti anayesa otchipawo kwa nthawi yokwanira, n'kulephera kapena kumuvulaza. Vuto n'lakuti jelo wambayo munthu amagula yekha, ndiye mu kompyuta ya kampani mulibe chizindikiro choti anaigwiritsapo ntchito. Wodwala amalumbira kuti wapaka miyezi isanu ndi umodzi, kampani n'kuti tilibe umboni. Yankho lake ndi losavuta: sungani malisiti, ndipo pa ulendo uliwonse uzani adokotala kuti alembe m'fayilo dzina la jelo, tsiku limene munayamba, kangati patsiku, ndi zotsatira zake. Zolembedwa m'fayilo ya kuchipatala pa nthawi imene zinkachitika zimamveka kwa kampani kuposa kalata yolembedwa pambuyo pokanidwa.

Matenda olembedwa, ndi mfundo imene ikupweteka

Pempho lililonse lopita ku inshuwalansi limanyamula khodi ya matenda, yochokera m'buku la ICD-10. Nyamakazi ya kutha kwa chichereŵechereŵe m'bondo ndi M17, m'chiuno ndi M16, pa tsinde la chala chachikulu cha m'manja ndi M18, ya mfundo zambiri ndi M15, ya malo ena ndi M19. Nyamakazi yobwera chifukwa choti chitetezo cha m'thupi chikulimbana ndi mfundo zake, imene madokotala amati rheumatoid arthritis, ili pa M05 ndi M06, pomwe gout, yobwera chifukwa cha kuchuluka kwa uric acid m'magazi, ili pa M10. Kalaliki akangoika khodi ya "ululu wa m'mfundo" wosadziwika chiyambi, kompyuta ya kampani imaona ngati ndi kubinya kwa masiku ochepa, n'kukana kulipira mankhwala a miyezi. Zokanidwa zambiri zimathera pa kukonza khodi basi.

Malo opakapo nawonso ali ndi ntchito. Jelo ya diclofenac ya 1 peresenti inapangidwira mfundo zimene zili pafupi ndi khungu: mawondo, akakolo, mapazi, manja, polumikizira dzanja ndi mkono, ndi zigongono. Pa msana, m'chiuno ndi pa phewa sinayesedwe, ndipo pepala la malangizo a mankhwalawo ku America limanena zimenezi poyera. Mfundo ya m'chiuno ili mkati mwa minofu yochindikala mwakuti jelo sifikako mokwanira. Kampani ikakana jelo pa khodi ya M16, kawirikawiri ikunena zoona, ndipo ndi bwino kukambirana ndi adokotala za chithandizo china kusiyana n'kutaya miyezi pa apilo.

Mankhwala ena amakanidwa chifukwa anavomerezedwera matenda ena kotheratu. Chomata cha lidocaine cha 5 peresenti chinavomerezedwa mu 1999 pa ululu wa mitsempha wotsalira munthu akadwala mashingozi. Madokotala amachilembera mawondo ndi msana, koma Medicare Part D imalipira mankhwala pa ntchito yovomerezeka ndi FDA kapena yolembedwa m'mabuku ochepa odalirika amene lamulo linatchula, ndiye pempho la nyamakazi limabwezedwa kawirikawiri. Ku England, NHS inaika zomata za lidocaine, pamodzi ndi zotenthetsa khungu zija, pa mndandanda wa 2017 wa zinthu zosayenera kulembedwa mwachizolowezi. Chomata cha capsaicin cha 8 peresenti, Qutenza, ndi cha ululu wa mitsempha, ndipo chimamatidwa kuchipatala ndi wogwira ntchito zaumoyo. Chomata cha diclofenac chotchedwa Flector ndi cha kubinya ndi kuvulala kwa minofu kwa masiku ochepa. Palinso jelo ya diclofenac ya 3 peresenti, imene anthu amaiganizira kuti ndi "yamphamvu katatu". Imeneyo inapangidwira matenda a pakhungu obwera ndi dzuwa otchedwa actinic keratosis, ndipo kuilembera nyamakazi n'kungodziitanira kukanidwa.

Nkhani ya rheumatoid arthritis ndi gout ndi yosiyana, ndipo si ya ndalama zokha. Jelo ingachepetse ululu wa kachala kamodzi, koma siiletsa matendawa kuononga mfundo. Rheumatoid arthritis imafuna mankhwala oletsa matenda enieniwo monga methotrexate, ndipo gout yobwerezabwereza imafuna otsitsa uric acid monga allopurinol. Inshuwalansi zimaona chimodzimodzi. Ku South Africa, mwachitsanzo, rheumatoid arthritis ili pa mndandanda wa matenda okhalitsa amene sikimu iliyonse imakakamizidwa ndi lamulo kulipira chithandizo chake, pomwe nyamakazi ya kutha kwa chichereŵechereŵe palibe. Ngakhale pa matenda amene ali pamndandandawo, chokakamizidwa ndi chithandizo chimene chinalembedwa m'ndondomeko yake, osati chilichonse chopaka chimene munthu angafune.

Kuwerengera magalamu

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, ngakhale mankhwala ali pamndandanda ndipo khodi ndi yolondola. Piritsi limawerengeka: limodzi kawiri patsiku, mapiritsi 60 pamwezi. Jelo siwerengeka pokhapokha dokotala atalemba magalamu.

Muyezo wa jelo ya diclofenac ya 1 peresenti, malinga ndi pepala la malangizo ake ku America, ndi uwu. Pa bondo, kakolo kapena phazi: magalamu 4 kanayi patsiku, osapitirira magalamu 16 pa mfundo imodzi patsiku. Pa dzanja, polumikizira dzanja kapena chigongono: magalamu 2 kanayi patsiku, osapitirira magalamu 8. Thupi lonse lisapitirire magalamu 32 patsiku. Mu paketi mumakhala kakhadi koyezera komwe kali ndi mizere yosonyeza magalamu 2 ndi 4, ndipo munthu amafinyira jelo pamenepo asanapake. M'mayiko ena mumapezeka jelo za mphamvu ina, monga ya 2.32 peresenti yopaka kawiri patsiku, ndiye muyezo wotsatira ndi umene uli pa paketi yanu.

Tiwerengere. Bondo limodzi ndi magalamu 16 patsiku, kuchulukitsa ndi masiku 30, magalamu 480: machubu asanu a magalamu 100. Mawondo onse awiri ndi magalamu 32 patsiku, magalamu 960 pamwezi, pafupifupi machubu khumi. Manja onse awiri ndi magalamu 480 pamwezi. Tsono dokotala akangolemba kuti "pakani pakafunika, chubu chimodzi", wa ku famasi amalowetsa mu kompyuta kuti chubucho ndi cha masiku 30. Wodwala mawondo awiri amene akupaka moyenera amachitha m'masiku atatu. Akabwerera ku famasi, kompyuta imati wabwera msanga, adikire mwezi uthe. Iye amayamba kupaka pang'onopang'ono kuti chubu chifike kumapeto a mwezi, mankhwala sagwira ntchito chifukwa ndi ochepa, n'kuuza adokotala kuti jelo ndi yopanda pake. Adokotala amamupatsa mapiritsi. Jeloyo sinalephere, sanaipake yokwanira.

Chikalata cholembedwa bwino chimatchula mfundo yake ndi mbali yake, magalamu pa kupaka kumodzi, kangati patsiku, magalamu onse a mwezi, ndi masiku ake. Mwachitsanzo: diclofenac jelo 1 peresenti, magalamu 4 pa bondo lakumanja kanayi patsiku, magalamu 500, masiku 30. Musanachoke ku famasi funsani kuti alowetsa masiku angati mu kompyuta. Ngati kampani ili ndi malire ake a magalamu pamwezi amene ali ochepa kuposa muyezo wa dokotala, pamafunika pempho lapadera lokweza malirewo, ndipo masamu omwe tachitawa ndiwo umboni wake.

Sikuti aliyense amafunika muyezo wonse mwezi ndi mwezi. Ambiri amapaka mokwanira ululu ukakula n'kuchepetsa ukatsika, ndipo malangizo a akatswiri ndi oti NSAID iliyonse igwiritsidwe ntchito pa muyezo wotsika umene ukuthandiza. Jelo yogula wekha ku America imanena kuti ingatenge mpaka masiku 7 kuti iyambe kuthandiza, kuti usapake malo oposa awiri nthawi imodzi, ndiponso usapitirire masiku 21 osaonana ndi dokotala. Malire a masiku 21 amenewa ndi mfundo ina yothandiza pa apilo: wodwala amene dokotala wamuuza kuti apake kwa miyezi sakugwiritsanso ntchito mankhwalawo ngati a pashelefu.

Kapakidwe kolakwika kamaononganso mankhwala olipiridwa kale. Musapake pa bala kapena pa khungu la zidzolo, musasambe pamalopo ola lisanathe, dikirani mphindi 10 musanavale, ndipo musaikepo chinthu chotentha kapena kumangapo bandeji yothina. Mu 2012 FDA inachenjeza kuti zopaka zokhala ndi menthol ndi methyl salicylate zinapsereza anthu ena khungu kwambiri. Amene amamwa warfarin, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, asapake methyl salicylate kapena NSAID asanafunse dokotala, ndipo amayi oyembekezera apewe NSAID kuyambira sabata ya 20 pokhapokha dokotala atanena. Kupaka jelo uku ukumwanso mapiritsi a NSAID kumaonjezera chiopsezo, ndipo makompyuta a inshuwalansi ena amakana pempho lachiwirilo chifukwa amaona mankhwala a gulu limodzi alembedwa kawiri. Mfundo ikatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, n'kufiira, thupi nalonso likutentha, imeneyo si nkhani ya zopaka: pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mafinya a mu mfundo amaiononga m'masiku ochepa.

Makirimu osakaniza pa famasi

Pali makirimu amene famasi imasakaniza yokha, kuphatikiza zinthu monga ketamine, gabapentin, baclofen, cyclobenzaprine, lidocaine ndi diclofenac mu botolo limodzi. Amatsatsidwa ngati opangidwira munthu payekha. Makampani ambiri a inshuwalansi sawalipira, ndipo pamenepa kukana kwawo kuli ndi maziko. Ku United States, ndalama zolipirira makirimuwa m'dongosolo la asilikali la Tricare zinakwera moopsa cha m'ma 2014 ndi 2015, ndipo pambuyo pake madokotala, eni mafamasi ndi otsatsa malonda ambiri anazengedwa milandu ya chinyengo. Kafukufuku wochitikira pa chipatala cha asilikali cha Walter Reed, wofalitsidwa mu 2019, anapeza kuti makirimuwa sanathandize kuposa kirimu wopanda mankhwala. Mu 2020 bungwe la National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine linanenanso kuti umboni wa zosakaniza zambiri zotere ndi wochepa. Munthu akakuimbirani foni n'kukulonjezani kirimu "waulere" bola mumupatse nambala ya inshuwalansi yanu, musapereke.

Kusakaniza kuli ndi malo ake, monga pamene khungu la munthu limakana chosakaniza china chimene chili m'jelo zonse zogulitsidwa. Zikatero dokotala alembe dzina la chinthucho ndi zimene chinachita pakhungu. Mapaketi ophatikiza jelo wamba ndi kirimu wina wotchipa kapena tepi, n'kuwapatsa dzina latsopano ndi mtengo wokwera, nawonso makampani amawakana, ndipo zinthu zomwezo zimapezeka padera.

Akakana

Choyamba, pezani chifukwa chenicheni. Wa ku famasi amaona uthenga wokanira pa kompyuta yake, ndiye mufunseni akuwerengereni. "Mwabwera msanga", "kuchuluka kwapitirira malire", "pakufunika chilolezo", "palibe pa mndandanda" ndi "polise siilipira" ndi zinthu zisanu zosiyana. Ziwiri zoyambirirazo kawirikawiri zimakonzeka ndi chikalata cholembedwa bwino. Chachitatu chimafuna fomu yodzaza dokotala. Chachinayi chimafuna pempho loti akuchitireni mwapadera, kapena kusintha n'kutenga mankhwala ofanana amene ali pamndandanda. Chachisanu ndicho chovuta, chifukwa ngati polise inalemba poyera kuti mankhwala a pashelefu salipiridwa, apilo kawirikawiri siphula kanthu.

Kalata ya dokotala yopempha chilolezo ikhale yaifupi koma yodzaza. Itchule matenda ndi khodi yake, mfundo zimene zakhudzidwa, zimene ekiselo inaonetsa ngati inajambulidwa, ndi mmene ululu ukulepheretsera munthu kuyenda, kukwera masitepe kapena kugwira zinthu. Itchule mankhwala amene anayesedwa kale ndi masiku ake. Koposa zonse inene chifukwa chimene mapiritsi a NSAID sali oyenera kwa munthu ameneyu: zilonda za m'mimba kapena kutulukapo magazi m'mimba, kufooka kwa impso ndi zotsatira za magazi zosonyeza zimenezo, matenda a mtima, kumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, kapena ukalamba. Malangizo a American College of Rheumatology a 2019 amanena kuti NSAID yopaka iganiziridwe munthu asanapatsidwe ya mapiritsi, ndipo kutchula zimenezi kumathandiza. Dokotala asaiwale kuti zina mwa zifukwa zomwezi, monga impso zofooka kwambiri, zimafunanso kusamala pa jelo imene.

Nthawi ili ndi malire mbali zonse ziwiri. Mu Medicare Part D kampani iyenera kuyankha pempho m'maola 72, kapena m'maola 24 ngati dokotala wanena kuti n'zachangu, ndipo apilo yoyamba iyankhidwe m'masiku 7. M'madongosolo ena masiku ndi osiyana, koma amalembedwa m'kalata yokanira, pamodzi ndi tsiku lomaliza lochitira apilo. Pemphani kalatayo, musakhutire ndi yankho la pa foni. Mukaimba foni lembani tsiku, dzina la amene mwalankhula naye ndi nambala ya nkhani yanu. Apilo ya mkati mwa kampani ikalephera, mayiko ambiri ali ndi bungwe loima palokha lomva madandaulo, monga Council for Medical Schemes ku South Africa kapena Financial Ombudsman Service ku United Kingdom pa inshuwalansi za makampani.

Chilolezo chikaperekedwa chimakhala cha nthawi yoikika, nthawi zambiri miyezi 6 kapena 12. Chikatha, kompyuta imayambiranso kukana popanda kukuchenjezani, choncho lembani tsiku lake lothera ndipo pemphani adokotala atumize fomu yatsopano mwezi umodzi lisanafike. Amene akusintha kampani afunsenso za nthawi yodikira pa matenda amene anali nawo kale. Ku United States kusala matenda otere kunaletsedwa m'mapulani ambiri kuyambira 2014, pomwe ku South Africa sikimu ingathe kudikiritsa membala watsopano mpaka miyezi 12 pa matenda amene analowa nawo, ndipo nyamakazi ndi imodzi mwa matenda amene amagwera m'ndimeyi kawirikawiri.

Ngati mwalipira nokha n'cholinga chodzapempha kubwezeredwa, lisiti ya pa kauntala yongolemba mtengo siikwanira. Pafunika yosonyeza dzina la wodwala, dzina la mankhwala ndi mphamvu yake, magalamu, tsiku, ndi dzina la famasi, pamodzi ndi kope la chikalata cha dokotala. Onetsetsaninso kuti famasiyo ili m'gulu la amene kampani yanu imagwira nawo ntchito, chifukwa kugula kwina kumachepetsa kapena kuthetseratu zobwezedwa.

Nthawi zina kulimbana n'kosafunika. Kwa munthu wopaka dzanja limodzi, chubu cha diclofenac yopanda dzina lotchuka chingakhale chotchipa kuposa ndalama yoonjezera imene inshuwalansi ikanamulipiritsa, ndiye funsani mitengo yonse iwiri musanapereke khadi. Poyerekeza machubu, gawani mtengo ndi magalamu ndipo onani mphamvu yake, chifukwa chubu chachikulu chimatsika mtengo pa galamu. Kwa wa mawondo awiri amene akufunika magalamu mazanamazana mwezi uliwonse, masamu amatembenuka, ndipo fomu ya chilolezo ndi yoyenera kuivutikira. Kumbukiraninso kufunsa ngati polise yanu imalipira dokotala wa mafizo ndi zothandizira kuyenda monga ndodo kapena chomangira bondo, chifukwa kulimbitsa minofu ya ntchafu ndi kuchepetsa thupi kwa amene ali onenepa ndizo maziko a chithandizo cha nyamakazi ya m'mawondo m'malangizo a NICE ndi a ku America omwe, ndipo zimenezi zimatuluka m'thumba lina, losiyana ndi la mankhwala.